Kuyeza nthawi ndi AADL khodi isanalembedwe

Chithunzi cha mabokosi ndi mivi sichingakuuzeni ngati pulogalamu idzamaliza ntchito pa nthawi yake. Fayilo ya AADL, chiyankhulo cholembera kamangidwe ka makina ndi mapulogalamu ake, ingathe kutero. Chiyankhulochi chinakhazikitsidwa ndi SAE, bungwe la mainjiniya lokhazikitsa miyezo, mu 2004 pa muyezo wa AS5506, ndipo chimadziwika kwambiri kwa opanga makompyuta a m'ndege. Zinzake monga Wright ndi Rapide sizinapite patali kunja kwa mayunivesite.

Ikani OSATE, pulogalamu yaulere yolembera ndi kuyezera mafayilo a AADL, yomangidwa pa Eclipse. Musayambe ndi makina onse. Sankhani njira imodzi yokha, kuchokera pa sensa kukafika pa chipangizo cholandira lamulo. Sensa ilembeni ngati device. Kagawo kalikonse ka pulogalamu kamene kamayenda pakokha kakhale thread m'kati mwa process, kenako lembani processor, memory ndi bus (njira yolumikiza zipangizozi).

Ntchito yeniyeni ili pa manambala. Thread iliyonse muipatse Dispatch_Protocol (chimene chimaidzutsa), Period (imadzuka pakapita nthawi yotani) ndi Compute_Execution_Time (nthawi imene imatenga pogwira ntchito). Tinene kuti yowerenga sensa imadzuka pa 10 ms (mamilisekondi) iliyonse n'kutenga 2 ms, yowongolera imadzuka pa 25 ms n'kutenga 8 ms, yosunga mbiri imadzuka pa 80 ms n'kutenga 20 ms. Gawani nthawi yogwira ntchito ndi Period: 20%, 32% ndi 25%, zonse pamodzi 77%. Malire otsimikizira kuti mathread onse amaliza pa nthawi yake, amene akatswiri Liu ndi Layland anapeza mu 1973, ndi pafupifupi 78% pa mathread atatu, ngati yodzuka pafupipafupi ndiyo imatsogola. Mwapulumuka, koma movutikira. Mukapitirira malirewo sindiye kuti zalephereka, kungoti pafunika kuwerengera kozama, ndipo pulogalamu ya Cheddar imachita zimenezi.

Musanayeze, mangirirani process ku processor ndi Actual_Processor_Binding, kenako pangani instance, chitsanzo cha makina onse chimene OSATE imayeza. Mukaiwala kumangirira, processor imaoneka ngati ilibe katundu ndipo lipoti lake n'lopanda ntchito.

Ambiri amagwa pa Compute_Execution_Time, imene imalembedwa ndi manambala awiri, yotsika ndi yapamwamba. Amalemba nthawi ya masiku onse, pamene nambala yapamwamba iyenera kukhala nthawi yaitali kwambiri imene thread ingatenge zinthu zikavuta. Poyamba mudzangoyerekeza, palibe kuchitira mwina, koma khodi ikangopezeka yezani pa chipangizo chenicheni n'kusintha nambalayo.

Samalaninso ndi madoko (maport), polowera ndi potulukira mauthenga. Data port imasunga uthenga watsopano wokha n'kufufuta wakale. Event data port ili ndi mzere, koma Queue_Size, kutalika kwa mzerewo, mukapanda kuilemba imakhala 1, ndipo wotumiza akamathamanga kuposa wolandira, mauthenga akale amatayika mwakachetechete.

Fayilo ya AADL isungeni mu Git limodzi ndi khodi, ndipo wosintha Period mu khodi asinthenso m'fayiloyo nthawi yomweyo. Ngati pulogalamu yanu ndi ya pa intaneti, imene kuchedwa ndi 50 ms sikuvulaza munthu, AADL ingokulemetsani. Zithunzi za C4, njira yosavuta yojambulira kamangidwe ka pulogalamu, zolembedwa ndi pulogalamu ya Structurizr zikukwanirani.