Momwe mungasinthire netiweki osataya nambala yanu yakale

Kuno ku Mulanje ndi Thyolo netiweki imayendera malo. Layini yomwe imagwira bwinobwino pa Chitakale kapena pa Luchenza ikhoza kukusowetsani mtendere mukasamukira kuseri kwa phiri kapena kumunsi kwa Thekerani, mpaka kumakaimbira foni pachulu. Ena amasintha chifukwa cha mtengo wa mabandulo. Koma onse amadandaula chinthu chimodzi, nambala yomwe makasitomala, abale a ku Joni ndi a ku banki anaizolowera.

Dziwani kaye kuti nambala imakhala ya kampani yomwe inaipereka. Yoyamba ndi 088 ndi ya TNM, ya 099 kapena 098 ndi ya Airtel, ndipo mukakagula layini ya netiweki ina mupatsidwa nambala yatsopano. Ndiye kusunga nambala yakale kukutanthauza zinthu ziwiri: ikhale m'dzina lanu, komanso isafe pamene mwayamba kugwiritsa ntchito inayo.

Yambani ndi dzina lomwe lili pa layini

Apa ndi pomwe zinthu zimavuta kwambiri, ndipo musachite china chilichonse musanapakonze. Kuyambira mu 2018 SIM khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Nthawi imeneyo anthu ambiri anatuma mwana, mlamu kapena mnzawo wa kuntchito, ena anangogula SIM yolembetsa kale pamsika. Layini yotere imagwira ntchito zaka ndi zaka popanda chovuta. Vuto limadzaoneka tsiku lomwe SIM yatayika, yapsa, kapena mwaiwala nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Kampani imalankhula ndi mwini chiphaso, osati amene wakhala akuika mayunitsi.

Kuti mudziwe, pemphani mnzanu akutumizireni kandalama kochepa pa nambala yanuyo, muone dzina lomwe lituluke pa uthenga wake. Ngati si lanu, pitani ku shopu yeniyeni ya kampaniyo pamodzi ndi munthu amene dzina lake latulukalo, aliyense ndi chiphaso chake cha unzika chenichenicho, osati fotokope. Ntchito yosintha umwini musaipereke kwa ejenti wa pa ambulera. Tengani foni ndi SIM yomwe, chifukwa mukhoza kufunsidwa nambala zomwe mumaimbira kawirikawiri kapena mayunitsi omwe munaika komaliza. Ndalama zomwe zili mu akaunti zitulutseni musanapite, popeza akauntiyo ndi ya dzina lakalelo.

Mwini dzina akakhala kuti ali kunja kapena anamwalira, nkhani imatalika. Kafunseni ku shopu makalata omwe akufunika, koma pakadali pano musasungemonso ndalama zambiri. Ndipo wina akakuuzani kuti akukonzerani zonsezi mwachidule mukangomupatsa nambala yachinsinsi ndi kangachepe, mukaneni. Wogwira ntchito weniweni wa kampani safunsa nambala yachinsinsi, kaya pafoni kaya pamaso.

Ngati layini ndi ya kontilakiti

Malayini olipira bilu pakutha pa mwezi amapezeka kwambiri kwa ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi, m'mabungwe ndi kwa amabizinesi. Ngati layini munapatsidwa kuntchito, mwini wake ndi abwana anu ngakhale mwakhala nayo zaka khumi. Mufunika kalata yochokera kuntchitoko yovomereza kuti nambala ilembedwe m'dzina lanu, ndipo kalata yotere imatuluka msanga mukadali pantchito kusiyana ndi mutachoka.

Ngati kontilakiti ndi yanu, itulutseni muiwerenge. Yang'anani tsiku lomwe ikutha, masiku omwe muyenera kuchenjezeratu kampani, ndiponso ngati munalandira foni kapena rauta pa mgwirizano womwewo. Mukachoka nthawi isanakwane, kawirikawiri mumafunika kulipira zotsala. Pemphani kuti akulembereni ndalama yake papepala musanasaine kalikonse. Ikakhala kuti yatsala miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zambiri kudikira kumatchipa. Chachikulu ndi mawu omwe munene pa kauntala: musanene kuti mukufuna kutseka layini, nenani kuti mukufuna isinthidwe ikhale yoika mayunitsi. Yotsekedwa imapita ndi nambala yomwe. Lipirani bilu yomaliza, risiti musunge.

Mafoni ogula pangongole, olipira pang'onopang'ono aja, ali ndi nkhani yawoyawo. Kusintha SIM sikuthetsa ngongole, foni idzatsekabe mukadumphitsa kulipira, ndipo ena salola SIM ya netiweki ina. Yesani kaye ndi SIM ya mnzanu.

Yesani netiweki yatsopanoyo pakhomo panu

SIM yobwerekayo muiyese m'nyumba momwe mumagona, madzulo pamene anthu ambiri ali pa intaneti, komanso tsiku lomwe magetsi azima. Kugwira pa boma sikutanthauza kuti igwiranso kumudzi. A ku Limbuli ndi Muloza, foni imatha kulumphira yokha pa netiweki ya ku Mozambique n'kudya mayunitsi ngati muli kunja kwa dziko. Lowani mu Settings, pa Mobile network, musankhe netiweki yanu pamanja m'malo moisiya pa Automatic.

Mukakhutira, gulani SIM yatsopano ndi chiphaso chanu, ilembetsedwe inu mukuona. SIM siidula, ndiye palibe chifukwa chotengera yolembetsa kale. Mukatero mwabwerera ku vuto lija la dzina. Mafoni ambiri a itel ndi Tecno amalowa ma SIM awiri, choncho yakale ikhale momwemo, yatsopano muiike kuti ndiyo ya data.

Kusamutsa zomwe zamangirira pa nambala yakale

Manambala a anthu ayambe. Ngati anasungidwa mu SIM, akopereni mu foni kapena mu akaunti ya Google kudzera pa Import/Export mu Contacts.

WhatsApp simukakamizidwa kuisintha. Ikhoza kukhalabe pa nambala yakale uku data ikuchokera ku SIM yatsopano, bola yakaleyo ikhale yamoyo, chifukwa tsiku lomwe mudzasinthe foni kodi ya manambala 6 idzapita kumeneko. Mukafuna kusamukiratu, musaifufute n'kuyamba ina. Pitani ku Settings, Account, Change number, lembani yakale kenako yatsopano. Magulu ndi mauthenga anu zimatsala, ndipo pali posankha kuti anthu adziwitsidwe. SIM yatsopano ikhale kale mu foni ndipo ikulandira mauthenga. Facebook ndi Gmail nazonso muikemo nambala yatsopano yakale isanachotsedwe.

Ku banki pitani nokha ndi chiphaso. Mo626 ndi zinzake zimayendera nambala yomwe munalembetsa, ndipo mauthenga a ndalama zolowa ndi zotuluka amapita komweko. Ngati malipiro anu, ndalama za tiyi wa masamba kapena za Mtukula Pakhomo zimabwera pafoni, musasiye nambala yakale mpaka mutalandira kamodzi pa yatsopano. Achibale otumiza kudzera ku Mukuru auzeni poimba foni, osati pa uthenga wokha, chifukwa akuba amagwiritsa ntchito mawu omwewo akuti ndasintha nambala, tumizani apa.

Ndalama za mu Airtel Money pa *211# kapena Mpamba pa *444# mutha kuzitumiza ku netiweki inayo mwachindunji, koma onani kaye ndalama yomwe akudulani, muyerekeze ndi kutulutsa kwa ejenti n'kukaika kwinako. Ngongole ya mayunitsi ya Kutapa kapena Pasavute bwezani, apo ayi mayunitsi omwe muziika posunga layini azingomezedwa.

Ngati foni yanu ndi ya SIM imodzi, lowetsani SIM yakale, imbani **62* kenako nambala yatsopano ndi #. Oimba pa yakale ikakhala yozima azikupezani pa yatsopano. Mayunitsi ake amadulidwa pa layini yakale, ndipo mauthenga a SMS sapatutsidwa. Pothetsa imbani ##002#.

Chotsala n'kusunga yakaleyo yamoyo. Layini ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, kenako nambala imaperekedwa kwa munthu wina, amene azilandira makodi anu a WhatsApp ndi mauthenga a ku banki ngati simunawasamutse. Kulandira mafoni kokha musakudalire. Mwezi uliwonse ikanimo mayunitsi ochepa, muimbe foni imodzi kapena mutumize uthenga, ndipo kakhadi kaja munathyolapo SIM, kokhala ndi nambala ya PUK yotsegulira SIM ikadzitseka, mukasunge pamodzi ndi chiphaso.