Mwapatsidwa timu ya pakoleji? Yambani mwagula kope

Mwana wa mchemwali wanga, amene wangoyamba kuphunzitsa pakoleji ina kuno ku Thyolo, anafika kwathu Lamulungu nkhope ili khuma. Akuluakulu amupatsa timu ya mpira ya ophunzira. "Malume, inu ntchitoyi munakhala nayo zaka zambiri, ndiyambire pati?" Ndinamuuza kuti akagule kope. Anaseka, koma ine sindinkanena zocheza.

Kopelo likhale lachikuto cholimba. Lembanimo dzina la wosewera aliyense, nambala yake yolembetsera pakolejipo, chaka chimene ali, ndi nambala ya jezi imene watenga. Tsiku lililonse la thireningi chongani amene abwera. Timu ya pakoleji siili ngati ya m'mudzi imene anyamata amakalambiramo. Goloboyi amene mwamusula zaka zitatu amalandira pepala lake n'kumapita, inu n'kuyambiranso. Kope ndi limene limakuuzani nthawi ilipo kuti chaka chamawa otchinga kumbuyo atatu achoka, ndiye muyambiretu kuyang'ana mwa a chaka choyamba.

Limatetezanso manyazi. Ine ndinaseweretsapo mnyamata amene dzina lake linali litachotsedwa kale m'kaundula chifukwa cha fizi. Anachinya zigoli ziwiri, tinaimba njira yonse mpaka pa Bvumbwe, koma Lachitatu kalata inabwera kuti mapointi atilanda. Cholakwa chinali changa, sindinakafunse ku ofesi ya kaundula. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse ndinkapita ndi mndandanda kukadindititsa ndisanatchule amene asewere.

Kenako pepala lanu la ukochi. Kuti munkamenya bwino mpira ku sekondale si umboni woti mungaphunzitse anzanu. Bungwe la FAM, loyendetsa mpira wamiyendo m'Malawi muno, limene likulu lake lili ku Chiwembe ku Limbe, limachititsa maphunziro a makochi, ndipo malaisensi a CAF, bungwe loyendetsa mpirawu mu Africa, amakwera kuchokera pa D, kupita pa C, B, A mpaka Pro. Kuchokera kuno ndi ulendo wa minibasi basi. Funsani nthawi imene maphunziro otsatira achitike, ndipo pemphani koleji ikulipirireni pamene akuluakulu akadakumwetulirani.

Pabwalo sindinena zambiri, poti aliyense ali ndi kaphunzitsidwe kake. Ingodziwani nyengo ya kwathu kuno. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa msanga, chiperoni akatsika simuona ngakhale goli la kutsidya, ndiye thireningi iyambe makalasi akangotha, ola limodzi ndi theka lokwanira. Dzinja dothi lofiirali limaterera ngati therere. Musalole wopanda nsapato zamano kuthamangitsana ndi anzake pamenepo. Mayeso akayandikira chepetsani masiku nokha, asanakuuzeni. Makolo ena akuthyola tiyi mbandakucha kuti mwanayo aphunzire, sanamutumize kudzakuwinirani chikho.

Tsopano gawo limene achinyamata saliganizira. Mawondo amatha, mawu okalipira kumzere amasasa, ndipo tsiku lina adzafuna munthu woyang'anira masewera onse pakoleji. Njirayi ndi yodziwika ngakhale kunja. Ku America, kumene mpira wawo wa m'makoleji ndi uja wonga papaya wothamanga nawo m'manja, Vince Dooley anali kochi wa University of Georgia kuyambira 1964 mpaka 1988, anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1980, ndipo kuchokera 1979 mpaka 2004 ndiye ankayendetsa masewera onse a payunivesitipo. Kwathu kuno a Walter Nyamilandu anachoka pa kusewera n'kukatsogolera FAM kuyambira 2004 mpaka 2023. Pampando wotero safunsa kuti munawina kangati kokha. Amafunsa ngati mumatha kulemba bajeti ndi kubweza malisiti.

Choncho zolowerani lero. Ndalama iliyonse ya ulendo, ya malalanje a pa hafu taimu, ya woimbira, ilowe m'kope muja ndi lisiti yake yomata. Pamsonkhano wa komiti ya masewera, pamene ena akuthawa kulemba zokambirana, inu kwezani dzanja. Ndi ntchito yotopetsa, koma patatha zaka ziwiri palibe amene adzadziwe za masewera a pakolejipo kuposa inu.

Mukadzakhala pampandopo, yesero lalikulu ndi kukondera mpira wamiyendo. Ine ndinagwamo chaka choyamba: anyamata ndinawagulira jezi zatsopano pamene atsikana a netiboli ankabwerekana mabibu ong'ambika. Kaputeni wawo anandipeza mu ofesi, anagwada mwaulemu ndithu, n'kundifunsa ngati fizi yawo ndi yosiyana ndi ya anyamata. Ndinasowa choyankha. Gawani ndalama chaka chisanayambe, netiboli, volebo ndi othamanga aone gawo lawo papepala. Ndipo wezulo mum'patse kochi watsopano, osamakamuimira kumbuyo n'kumamuuza woti atuluke.

Mwana wa mchemwali wanga uja ndinam'bwereka kope langa lomaliza kuti aonere mizere yake. Loweruka likubwerali abwera ndi mayina a osewera ake ndi mitengo ya maminibasi atatu opita ku Mulanje, tidzaone imene ingatheke.