Nyama yakutchire ikavulala kapena kudwala mwadzidzidzi: zoyenera kuchita a vetenale ku Mzuzu

Nyama yovulala sigogoda pakhomo. Lero ndi gwape wokodwa mumsampha wa waya m'nkhalango ya Kaning'ina, mawa pusi wogundidwa ndi galimoto pamsewu wa M1 cha ku Chikangawa, mkuja ngaka imene apolisi alanda kwa ozembetsa. Malo osungirako nyama zotere, Lilongwe Wildlife Centre, ali kutali ndi kuno, ulendo wa maola angapo pagalimoto, choncho ola loyamba lili m'manja mwanu. Mu ola limenelo mantha amatha kuipha nyamayo bala lisanaiphe.

1. Dzitetezeni kaye. Valani magolovesi ndipo musakhale nokha. Nyani, pusi kapena nkhandwe ikakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani tsiku lomwelo ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi kuti akakuoneni za katemera wa chiwewe. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, palibenso mankhwala.

2. Balalitsani anthu ndi kuphimba nyamayo kumaso. Apa mpamene ambiri timalakwitsa. Gulu limaunjikana, ena akujambula pafoni, ana akukuwa, wina wagwira mwendo. Gwape kapena mbawala ikathamangitsidwa ndi kupanikizidwa nthawi yaitali, thupi limatentha kwambiri ndipo minofu imawonongeka. Madokotala amati capture myopathy. Nyama imaoneka ngati yatsitsimuka, koma mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, impso zimalephera, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena angapo mumaipeza yafa. Ndiye tengani chitenje kapena thawulo muiphimbe maso, muike thonje m'makutu, ndipo aliyense azilankhula chapansipansi. Zoimanga miyendo n'kuiponya kumbuyo kwa galimoto ngati mbuzi yopita kumsika, ayi ndithu.

3. Wina aziimba foni inu mukugwira ntchito. Dziwitsani a nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, DNPW. Iwo pamodzi ndi Lilongwe Wildlife Trust, bungwe loyendetsa Lilongwe Wildlife Centre, ali ndi gulu lothamangira ngozi za nyama, ndipo dokotala wawo angathe kukulangizani pafoni. Kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutaisunga mwachifundo.

4. Onani kupuma, kutaya magazi, kenako kutentha kwa thupi. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Nyama zobzikula monga gwape ndi mbawala zigone chogonera chifuwa, miyendo itapindidwa, mutu uli pamwamba koma mphuno yoloza pansi. Zikagona chammbali mimba imatupa ndi mpweya ndipo zamkati zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo. Njovu ndiyo yosiyana, kwa amene angaitanidwe ku Vwaza: iyo igone chammbali, chifukwa ikagonera chifuwa imabanika, ndipo kukamwa kwa chitamba muikepo kamtengo kuti kusatsekeke.

Yezani kutentha pafupipafupi. Kukapitirira madigiri 41, ithireni madzi ndi kuikupiza pamthunzi. Koma Mzuzu wa mu Juni ndi Julayi tikumudziwa tonse. Kanyama kakang'ono konyowa ndi mvula yamawawa kamazizidwa msanga, choncho kafunditseni ndi kuika pambali pake botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu.

5. Mankhwala ogonetsa ndi a dokotala wovomerezeka yekha. Etorphine, amene amagonetsera nyama zikuluzikulu, kadontho kake kangathe kupha munthu, motero mankhwala othetsa mphamvu yake monga naloxone kapena naltrexone azikhala pomwepo jakisoni asanatsegulidwe. Lembani nthawi ndi mlingo wa chilichonse chimene mwabaya. Dokotala wolandira nyamayo adzafunsa zimenezo.

6. Waya wa msampha dulani nyama itagona. Tsukani bala ndi madzi ambiri a dilipi kapena madzi owiritsa othira mchere pang'ono, muchotse ubweya, dothi ndi mphutsi. Bala lakale lonunkha musalisoke.

7. Musaimwetse kapena kuidyetsa mokakamiza, ingatsamwe. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba ana a nyama zambiri. Ngaka imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo katoni imaing'amba ndi zikhadabo. Iikeni m'bokosi lamatabwa loboola, mwamdima, muli bulangete, mpaka odziwa afike.

8. Mukapeza nyama yafa mwadzidzidzi, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, ganizirani za anthrax, matenda oopsa amene amagwiranso anthu, ndipo musaitumbule. Tizilombo take tikakumana ndi mpweya timasanduka njere zimene zimakhala m'dothi zaka zambirimbiri. Matendawa ndi amene anapha mvuu ku Liwonde chakumapeto kwa 2018. Tchingani malowo, itanani ofesi ya boma ya za ziweto, ndipo mtembowo uotchedwe kapena ukwiriridwe mozama. Pamakhala wina wobwera ndi mpeni ndi beseni, akuti ndiwo zisawonongeke. Ameneyo mubwezeni.