Madzi a chambiko musamawakhuthulire pansi

Alimi anzanga a ng'ombe zamkaka, makomo ambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu mkaka wa madzulo umagona panyumba. Ukasasa n'kukhala chambiko, pambali pamatsala madzi achikasu pang'ono, ndipo ambiri timangowatsanulira kuseli kwa khola. Zimandipweteka ndikaona zimenezi, chifukwa m'madzimo muli chakudya chimene ng'ombe yavutika nacho kupanga kuchokera ku nsenjere ndi madeya amene munagula ndi ndalama zanu.

Mapuloteni a mumkaka wa ng'ombe ali m'magulu awiri. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse ndi casein, amene amaundana mkaka ukasasa. Magawo 20 otsalawo saundana, amatsalira m'madzi aja. Wochuluka kwambiri mwa iwo ndi beta-lactoglobulin, yemwe amapezeka pafupifupi magalamu 3 pa lita imodzi ya mkaka, ndipo mumkaka wa m'mawere wa amayi mulibe.

Puloteni ameneyu ngodabwitsa. Anapindika ngati kachikho kozama, ndipo m'kati mwake simufuna madzi. Tizigawo ta mafuta a mumkaka, monga palmitic acid, tili ndi mchira wautali umene nawonso umadana ndi madzi. Mchirawo umalowa m'kachikhomo, mutu wake n'kutsala kukamwa. Vitamini A nayenso amatha kukhala momwemo. Pakamwa pa kachikhoka pali ngati chivindikiro: mkaka ukakhala wosasasa chimatha kutseguka, ukawawasa chimatseka. Ndi mmene mafuta, omwe paokha sasakanikirana ndi madzi, amatha kuyendera m'madzi atanyamulidwa ndi puloteni.

Tsono nzeru yake pakhomo ndi iyi. Musanapange chambiko, wiritsani mkaka kaye. Kutentha kukapitirira madigiri 70, beta-lactoglobulin amafunyululuka n'kukakamira pa casein. Akatero sapitanso m'madzi, amakhala m'chambiko momwe. Ndicho chifukwa chambiko cha mkaka wowiritsa chimakhala cholimba, chosalala, chosachucha madzi ambiri. Opanga yogati m'mafakitale amatenthetsa mkaka mpaka madigiri 85 kapena 90 pa chifukwa chomwechi. Mukawiritsa, uziziritseni mpaka mofunda, thiranimo masupuni angapo a chambiko chabwino cha dzulo, vindikirani. Kuwiritsako kumaphanso tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi ta brucellosis, matenda amene amapatsira anthu kudzera mumkaka waiwisi. Pa ichi sindinyengerera munthu: ana asamwe chambiko cha mkaka wosawiritsa.

Madzi amene atsalabe, sefani ndi kansalu koyera. Muli shuga wa mkaka wochuluka, mchere wa calcium ndi mapuloteni pang'ono. Athireni m'phala la ana mmalo mwa madzi ena, kapena kandirani ufa wa mandasi ndi zikondamoyo. Kuwawasa kwake kumagwirizana bwino ndi soda, mtanda umafufuma. Ngati madziwo achokera ku mkaka umene sunawiritsidwe, aikeni pamoto kaye. Mudzaona timibulu toyera tikuyandama, amenewo ndi mapuloteni aja. Anthu a ku Italy amawakokolola n'kupanga tchizi chotchedwa ricotta.

Amene muli ndi nkhumba, m'pamene pali phindu lalikulu. Sakanizani madziwo ndi madeya, koma yambani pang'onopang'ono kwa masiku angapo, chifukwa nkhumba ikamwa ambiri mwadzidzidzi imatsegula m'mimba. Musaiwale kuti magawo oposa 90 pa 100 ndi madzi enieni, choncho soya kapena usipa wa m'chakudya musachotse. Kwa thole laling'ono ayi, madziwa sangalowe mmalo mwa mkaka wa make.

Nyengo yotentha ngati ya Okutobala madziwa sachedwa kuwonongeka, agwiritseni ntchito tsiku lomwelo, ndipo chidebe chizitsukidwa ndi madzi otentha. Mkaka wa ng'ombe yotupa bere, kapena imene ikulandira jakisoni wa mankhwala opha tizilombo, musaupangire chambiko ngakhale pang'ono mpaka masiku amene a zaumoyo wa ziweto akuuzani atakwana. Ndipo ngati mwapezeka ndi madzi ochuluka oti simungathe kuwamaliza, akwirireni m'dzenje la kompositi. Mukawathira mumtsinje, tizilombo towoletsa timatha mpweya wa m'madzi ndipo nsomba zimafa.