Chidede m'malo mwa litmus

Mapepala a litmus atatha kusukulu kwathu, ndinasowa chowaonetsera ana a Fomu 2 kusiyana kwa asidi ndi alikali. Ndinaviika chidede chouma m'madzi otentha n'kusefa. Madzi ofiirawo ali ndi anthocyanin, utoto umene umasintha malinga ndi pH, muyeso wa kuchuluka kwa asidi kapena alikali.

Poyamba zinandikanika. Nditathira soda pang'ono, mtundu sunasinthe kwenikweni, chifukwa chidede n'chowawasa kale pachokha, komanso ndinali nditachichulukitsa. Ndinaonjezera madzi ambiri mpaka kufiira kwake kutachepa, kuwala n'kumadutsa. Apa ndiye zinatheka. M'kapu ya madzi a mandimu chinafiira kwambiri, m'kapu ya soda chinayamba kuda, koma m'chidulo, chomwe chija timaphikira thelere, chinasanduka chobiriwira ndithu. Ana anaunjikana patebulo, aliyense akufuna kuthira yekha.