Kujambula kuphana m'filimu osaonetsa bala: njira za mu Scarface

Musanagule mfuti yapulasitiki, khalani pansi muonere mafilimu awiri a Scarface, ya 1932 yotsogoleredwa ndi Howard Hawks ndi ya 1983 yotsogoleredwa ndi Brian De Palma, chala chili pa batani loimitsira. Pamene munthu waphedwa, bwezani m'mbuyo muone chimene kamera yaonetsa kwenikweni. Nthawi zambiri mupeza kuti bala lomwe mukulumbira kuti munaliona palibe.

Ya 1932 inajambulidwa ofesi ya Will Hays, yomwe inkaunika mafilimu ku America, ikulondalonda. Nkhani ya Tony Camonte, yemwe anaseweredwa ndi Paul Muni, inatengera moyo wa Al Capone, chigawenga cha ku Chicago, ndipo ounika mafilimu ankaopa kuti achinyamata asirira chigawenga. Anakakamiza kuti pamutu pawonjezedwe mawu akuti "The Shame of a Nation", komanso kuti pajambulidwe mathero ena omwe Tony akunyongedwa. Hawks anapha anthu ambirimbiri m'filimuyo, koma mwaluso loti mungalitengere lero.

Yambani ndi chithunzithunzi. Munthu woyamba kuphedwa, Big Louis, amaomberedwa ndi munthu amene timangoona chithunzithunzi chake, akuimba likhweru modekha. Kuti muchite zomwezi, zimitsani magetsi onse m'chipinda musiye nyale imodzi yowala kwambiri, yopanda chophimba. Ikani nyaleyo mamita atatu kapena anayi kuchokera pa wosewera, wosewerayo aime pafupifupi mita imodzi kuchokera pakhoma loyera. Akayandikira khoma chithunzithunzi chimaoneka bwino m'mbali mwake, akayandikira nyale chimakula koma chimachita mbuu. Aime cham'mbali kuti mkono ndi mfuti zituluke pathupi, chifukwa akayang'ana khoma mungoona chibulumwa chakuda. Cholakwika chofala ndi kusiya babu lina likuyaka: zithunzithunzi zimakhala ziwiri ndipo mantha onse amatha.

Njira ina ndi yopatsa chinthu china imfayo. M'filimu yomweyi ya 1932, wosewera Boris Karloff amaomberedwa akugubuduza mpira pa masewera ogwetsa timitengo. Kamera imamusiya n'kutsata mpirawo, timitengo tigwa, kamodzi katsala kakugwedera, kenako nako kagwa. Sankhani chinthu chimene munthuyo wagwira kapena wachiyambitsa asanafe: kapu ya tiyi, njinga yomwe gudumu lake likuzungulirabe, mpopi wosatseka. Chionetseni kaye ali moyo. Mukachitulutsa mwadzidzidzi pa nthawi ya imfa, oonera sachilumikiza ndi munthuyo.

De Palma anali ndi ufulu wochuluka. Al Pacino akusewera ngati Tony Montana, wothawa ku Cuba mu 1980 yemwe akulemera ndi kokeni ku Miami, ndipo magazi alipo ndithu. Bungwe la MPAA, loika malire a zaka za oonera mafilimu ku America, linaipatsa filimuyi chizindikiro cha X (ya akulu okhaokha) katatu, mpaka apilo itatheka ndi pomwe inapeza R, chizindikiro chofewerapo. Komabe pachigawo chimene anthu amachitchula kwambiri, pomwe mnzake wa Tony akuchekedwa ndi makina odulira mitengo m'bafa, simuona makinawo akulowa m'thupi. Mumamva kulira kwa injini, mumaona magazi akuthovokera, ndiponso nkhope ya Tony amene akukakamizidwa kupenya. Apa ndiye pagona luso lonse la chigawochi. Jambulani nkhope ya mboni pafupi, kwa nthawi yotalikirapo kuposa mmene mtima wanu ukufunira, ndipo muuzeni wosewerayo ayese kubisa mantha, asawaonetse. Wokuwa ndi kutong'ola maso amaseketsa anthu.

Magazi pangani nokha. Kapu imodzi ya manyuchi oyera a shuga, supuni yaikulu imodzi ya utoto wofiira wa zakudya, madontho awiri a wobiriwira ngati thambo ndi supuni yaing'ono ya koko. Wofiira yekha amaoneka ngati jamu pa kamera, koko ndi amene amadetsa. Akalimba thirani madzi pang'onopang'ono, supuni imodzi nthawi iliyonse, chifukwa akasungunuka kwambiri amayenderera ngati sobo. Yesani pansalu pansi pa nyale yomwe mujambulire, osati padzuwa. Amathimbiriritsa zovala, choncho khalani ndi malaya atatu ofanana, ndipo pukutani msanga nyerere zisanabwere.

Mawu ajambuleni padera m'chipinda chachete, foni kapena maikolofoni ili pafupi. Mpeni wolasa kabichi umamveka ngati wolasa thupi, nzimbe yothyoka ngati fupa. Polumikiza zithunzi pa kompyuta, lolani phokosolo lipitirire pamene kamera ili kale pankhope ya mboni.

Za mfuti palibe kunyengerera. Yeniyeni isafike pamalo ojambulira, ngakhale ya zipolopolo zongolira. Wosewera Brandon Lee anafa mu 1993 ndipo wojambula Halyna Hutchins mu 2021 pamalo ojambulira filimu, onse ndi mfuti zimene anthu ankaziyesa zotetezeka. Gwiritsani ya labala, moto ndi kulira muwonjezere pa kompyuta. Ngati mukujambula pamsewu, dziwitsani apolisi a m'deralo tsiku lisanafike, poti wodutsa sadziwa kuti ndi sewero.

Pomaliza konzekerani ounika. Ku Malawi lamulo la 1968 loona zosangalatsa limapatsa Censorship Board mphamvu younika mafilimu oonetsedwa pagulu. Chigawo chilichonse chachiwawa chijambuleni kawiri tsiku lomwelo, china chamagazi, china cha chithunzithunzi kapena nkhope yokha. Kuitananso osewera patapita miyezi n'kovuta: mathero aja onyonga Tony Camonte anajambulidwa Paul Muni palibe, ndiye anaimika munthu wina n'kubisa nkhope yake.