Kusamalira mtsempha wa kuchidendene mukachitidwa opaleshoni

Atandichotsa chikhakha, mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene unkawawa pang'ono m'mawa uliwonse, makamaka kukazizira mu June kuno ku Zomba. Ululu wochepa wotere si wachilendo.

Mukadzuka musathamangire kuponda pansi. Yambani mwagwedeza phazi pang'onopang'ono muli pabedi, monga anakuonetserani kuchipatala. Madzulo likatupa, gonani chagada, mwendo pamapilo awiri kuti phazi likhale pamwamba kuposa mtima. Kulungani ayisi m'kansalu, muyikepo mphindi 15, koma bala lisanyowe. Musaukoke mwamphamvu mtsemphawo. Ine chitunda cha Ku Chawe, chokwera phiri la Zomba, ndimachisowa, komabe chiyambe chadikira mpaka adokotala atalola.

Katumba akatupa n'kutentha, bala likamatuluka mafinya, kapena mukamva ngati china chaduka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.